Zimene tiyenera kufunsana tisanagule masheya a migodi

Amayi ndi abambo, zikomo kwambiri chifukwa chobwera. Ambiri mwa ife tinadziwana chifukwa cha masheya, ndipo lero ena tafika poyenderana ndi kudziwirana mabanja. Palibe aliyense pano amene ali ndi chuma chochuluka. Timaika kangachepe kamene tasunga pa malipiro kapena pa bizinesi, n'chifukwa chake ndalamazo zikatayika zimatiwawa kwambiri. Nkhani yanga ndi ya masheya a makampani a migodi, ndipo mfundo imene ndikufuna tiiganizire ndi yakuti kukumana kwathuku kungatiteteze ngati tikumana kuti tifunsane mafunso ovuta, koma kungatigwetsere m'dzenje limodzi tonse ngati tikumana kuti tingolimbikitsana.

Choyamba tisiyanitse mitundu iwiri ya makampani, pakuti ambiri amaisokoneza. Pali makampani amene akukumba kale ndi kugulitsa, monga BHP, Rio Tinto kapena Anglo American, amene ali ndi migodi yambiri, amapeza ndalama chaka ndi chaka, ndipo nthawi zambiri amagawira eni masheya gawo la phindu. Ndiye pali makampani ang'onoang'ono ofufuza, amene ambiri amapezeka pa misika ya masheya ya ku Toronto, ku Australia ndi ku London. Amenewa alibe mgodi. Ali ndi chilolezo chofufuza pa malo ena ake, makina obowolera pansi amene mwina achita kubwereka, ndi chiyembekezo. Masheya awo ndi otsika mtengo, ndipo ndi amene amatikoka ife ogula pang'ono, chifukwa timaganiza kuti sheya yotsika ndiyo ingakwere kakhumi. Zimachitikadi nthawi zina, koma ambiri mwa malo ofufuzidwa safika pokhala mgodi, ndipo amene amafika amatenga zaka zambiri, kawirikawiri zoposa khumi.

Kampani yofufuza ikalengeza kuti yapeza golide, tiyenera kudziwa kuwerenga chilengezocho. Iwo amabowola pansi n'kutulutsa mwala wautali wozungulira ngati munsi, amaudula, n'kutumiza zidutswa ku labotale. Zotsatira zimanenedwa m'magalamu pa tani iliyonse ya mwala. Nambala yaikulu payokha sikutanthauza kanthu. Funsani kuti golideyo wapezeka pa utali wa mamita angati, ali pansi bwanji, ndipo pa mabowo onse amene anabowola, ndi angati amene sanapeze kanthu. Magalamu 20 pa kachigawo kosakwana mita imodzi, pansi kwambiri, angakhale opanda phindu poyerekeza ndi magalamu 2 ofalikira pa mamita 60 pafupi ndi pamwamba, pomwe angakumbidwe mosavuta. M'malipoti mudzaona mawu akuti inferred, indicated ndi measured, amene amasonyeza kukula kwa chitsimikizo chakuti mwalawo ulipodi, kuyambira chochepa mpaka chachikulu. Koma liwu lolemera kwambiri ndi lakuti reserve, chifukwa limatanthauza gawo limene akatswiri awerengera kuti lingakumbidwe mopindulitsa, atachotsa mtengo wa makina, magetsi, madzi, misewu ndi antchito.

Malamulo a kalembedwe ka malipotiwa ali ndi mbiri yake. Ku Australia amatsata ndondomeko ya JORC, ndipo ku Canada amatsata NI 43-101, imene inayamba kugwira ntchito mu 2001 pambuyo pa chinyengo chimene aliyense wogula masheya a migodi ayenera kuchidziwa. Kampani ya Bre-X, ya ku Calgary m'dziko la Canada, inalengeza kuti yapeza golide wochuluka zedi ku Busang, pa chilumba cha Borneo m'dziko la Indonesia. Sheya imene inkagulidwa ndi masenti inakwera mpaka kampaniyo inaoneka ngati ya madola a ku Canada oposa mabiliyoni 6. Anagula ndi anthu wamba, anagulanso ndi mabungwe akuluakulu osunga ndalama za penshoni, amene ali ndi akatswiri awoawo. Mu March 1997 kampani ya Freeport-McMoRan, imene inkafuna kulowa nawo m'ntchitoyo, inabowola payokha ndipo inapeza golide wosanunkha kanthu. M'mwezi womwewo katswiri wa miyala wa Bre-X, Michael de Guzman, ananenedwa kuti wagwa kuchokera mu helikopita. Zinadziwika kuti zidutswa za miyala zinkawazidwa golide wochokera kwina zisanapite ku labotale. Chinali chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo pofika mu May chaka chomwecho masheyawo anali opanda ntchito.

Komabe musaganize kuti munthu amataya ndalama pokhapokha pakakhala bodza. Mu 1969 kampani ya Poseidon inapezadi chitsulo cha nickel ku Windarra, kumadzulo kwa Australia, pa nthawi imene nickel inali yosowa pa msika wa dziko lonse. Sheya yake inachoka pa masenti pafupifupi 80 n'kufika pa madola 280 a ku Australia mu February 1970. Mwala unalipo, mgodi unatsegulidwa, koma mtengo wa nickel unatsika, ndalama zokumbira zinakwera, ndipo amene anagula pamwamba sanaonenso ndalama zawo. Mgodi sulamulira mtengo wa chimene umakumba. Golide anafika pa madola a ku America pafupifupi 1,900 pa aunsi (magalamu pafupifupi 31) mu 2011, koma pofika kumapeto kwa 2015 anali atatsika kufika cha m'ma 1,050. Ngozi ya pa malo opangira magetsi a nyukiliya ku Fukushima, ku Japan, mu 2011 inagwetsa kwa zaka zingapo mtengo wa uranium, amene amagwiritsidwa ntchito popanga magetsi otere, ndipo migodi ina inaima. Ngakhale makampani aakulu sapulumuka: damu la zinyalala za mgodi wa kampani ya Vale litaphulika ku Brumadinho, ku Brazil, mu January 2019, anthu 270 anafa, ndipo masheya a kampaniyo anataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mtengo wake pa tsiku limodzi. Ndimatchula anthu amene anafawo dala, chifukwa wogula sheya ndi mwini wa mgodi, ngakhale gawo lake lichepe bwanji, ndipo ali ndi udindo wofunsa mmene kampani ikusamalira miyoyo ya antchito ndi ya anthu oyandikana nayo.

Chinanso chimene chimadya ndalama zathu mwakachetechete ndi ichi. Kampani yofufuza ilibe chogulitsa, choncho ndalama zikatha imapanga masheya atsopano n'kuwagulitsa, kawirikawiri pa mtengo wotsikirapo. Tiyerekeze kuti kampani ili ndi masheya 100 miliyoni ndipo inu muli ndi 1 miliyoni. Ndiye kuti gawo limodzi pa magawo 100 ndi lanu. Ikapanga ena 100 miliyoni, masheya anu sanachepe chiwerengero, koma gawo lanu m'kampanimo latsika ndi theka. Motero mukatsegula lipoti la ndalama, onani ndalama zimene zatsala ku banki, zimene amawononga pa miyezi itatu iliyonse, ndiponso ngati zambiri zikupita ku kubowola kapena ku malipiro a akuluakulu a kampani.

Tsopano ndibwere pa ife eni. Zaka zingapo zapitazo, pa kukumana ngati kuno, mnzathu wina amene ndimamulemekeza mpaka lero anatulutsa foni yake n'kutionetsa chithunzi cha mwala wobowoledwa, wokhala ndi timadontho tonyezimira. Foniyo inazungulira tebulo lonse, aliyense akukulitsa chithunzicho ndi zala. Iye anali atagula kale, ndipo ankalankhula ndi chimwemwe chenicheni, popanda cholinga chonamiza munthu. Ine ndinali ndi funso pakamwa, lofuna kudziwa kuti mabowo ena anapeza chiyani, koma ndinalimeza chifukwa sindinafune kuoneka ngati ndikumukayikira pamaso pa anzake. Anthu asanu tinagula masheyawo sabata yomweyo. Pasanathe chaka kampaniyo inapanga masheya atsopano kawiri, kenaka inasiya malowo, ndipo nditawerenga lipoti limene ndikanaliwerenga poyamba, ndinapeza kuti yankho la funso langa linali lolembedwa momwemo. Pambuyo pake atatu mwa anzangawo anandiuza kuti nawonso anali ndi mafunso amene sanafunse. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti mnzathu uja anasiya kubwera kwa miyezi yambiri chifukwa cha manyazi.

N'chifukwa chake ndikupempha kuti tisinthe kachitidwe ka zokambirana zathu. Aliyense wobweretsa dzina la kampani ayambe wanena ngati ali ndi masheya ake, ndiponso anagula liti, pakuti amene wagula kale amafuna, ngakhale mosadziwa, kuti ena agulenso. Izi n'zofunika kwambiri pa makampani ang'onoang'ono, amene masheya ake amagulidwa ndi anthu ochepa pa tsiku, moti gulu ngati lathuli lingakweze mtengo lokha, n'kudzasowa wogula pa tsiku limene tonse tikufuna kugulitsa. Pa kampani iliyonse tisankhe munthu mmodzi amene ntchito yake ikhale yofufuza zifukwa zosagulira, ndipo tigwirizane kuti wochita zimenezi akutitumikira, sakunyoza mnzake. Tizinena za zimene tataya momasuka ngati mmene timanenera za zimene tapindula. Ndipo wina akabwera ndi uthenga wachinsinsi wochokera m'kati mwa kampani, umene sunalengezedwe kwa onse, tisaugwiritse ntchito, chifukwa kugula kapena kugulitsa potsata uthenga wotero ndi mlandu m'misika ya masheya.

Pa kukumana kwathu kotsatira, ndikupempha kuti amene ali ndi masheya a kampani yofufuza abweretse lipoti lake laposachedwa la ndalama ndi chilengezo chomaliza cha zobowola, zosindikizidwa pa pepala kuti tithe kulembapo. Tidzakhala awiriawiri, ndipo aliyense adzawerenga za kampani ya mnzake, osati yake. Ine ndidzabweretsa lipoti la kampani ija imene ndinatayapo ndalama, kuti tidzaonere limodzi tsamba limene ndinalidumpha.