Quarterback othamanga amavulala kwambiri? Bodza ili lithe lero

Zikuyenda bwanji amangwetu, takulandiraninso. Lero ndabwera ndili wotentha pang'ono, chifukwa sabata iliyonse mu makomenti mumakhala wina wolemba kuti Lamar Jackson, quarterback wa Baltimore Ravens, sakhalitsa, amathamanga kwambiri, tsiku lina adzamuthyola basi. Nyimbo imeneyi anthu anayamba kuimba mu 2018 pomwe amalowa mu NFL, ligi yaikulu ya American football, ndipo munthuyo watenga MVP, mphotho ya wosewera bwino koposa, kawiri, 2019 ndi 2023. Musachoke, pa nambala 3 mpamene pali nkhani yeniyeni.

Kwa atsopano, mwachangu. Timu imapatsidwa mipata inayi, ma down, kuti iyende mayadi 10, yadi ndi kachidutswa kochepera mita pang'ono. Quarterback ndi amene amalandira mpira poyamba, ndiye amaponya, kapena amapatsa running back, mnzake amene ntchito yake n'kuthamanga ndi mpira, kapena amathawa nawo yekha. Pocket ndi kamalo kaja kumbuyo kwa zimphona zisanu zomuteteza. Basi, tapita.

Nambala 1, masamu. Quarterback akangopereka mpira n'kuima chilili, pa anthu 11 a timu yake, kuchotsapo iye ndi wonyamula mpira, atsala 9 otchinga pomwe adani alipo 11. Koma akamatha kuthamanga zinthu zimasintha. Pa sewero lotchedwa read option amasiya dala defensive end mmodzi, mdani woima kumapeto kwa mzere wakutsogolo, osamutchinga, quarterback amangomuyang'ana, akalunjika kwa running back iye amausunga mpira n'kudutsa kunja, akadikira iyeyo amaupereka. Munthu mmodzi wachotsedwa mu sewero popanda womukhudza. Colin Kaepernick anawapanga zimenezi a Green Bay Packers mu January 2013, mayadi 181 ndi miyendo yake pa gemu imodzi ya playoff, magemu a ndime yachipulumutso olimbirana chikho.

Nambala 2, mantha. Defense, timu yomwe ilibe mpira, imakakamizika kuika spy, munthu wongolondera quarterback, ndiye kuti kumbuyo kwachepa mmodzi wotchinga ma pass. Ndipo a defense akamasewera man coverage, aliyense kulondola munthu wake, amakhala atamufulatira quarterback, akamatembenuka munthu ali kale mayadi 15.

Nambala 3, ndipo apa khalani pansi. Amati wothamanga ndiye amavulala, woima mu pocket ndi wotetezeka. Chabwino, tiyeni tiwerenge limodzi. Tom Brady, munthu amene kuthamanga sikunali kwake ngakhale pang'ono, 2008, gemu yoyamba ya season, Bernard Pollard wa Kansas City anamugwera pa bondo ali mu pocket, ACL, mtsempha wa m'bondo, inaduka, chaka chonse chinapita. Joe Burrow, 2020, bondo, akuponya mu pocket. Aaron Rodgers, 2023, sewero lachinayi lokha atavala jezi ya New York Jets, sack, kutanthauza kugwetsedwa asanaponye mpira, Achilles, mtsempha wa kuchidendene, inaduka. Kirk Cousins chaka chomwecho, Achilles, akubwerera m'mbuyo kuti aponye. Alex Smith 2018, mwendo unathyoka pa sack mpaka madokotala ankaganiza zoudula. Bwererani mpaka 1985, Joe Theismann anathyoka mwendo pa sack ya Lawrence Taylor, mpira wa Theismann unathera pomwepo. Ndani mwa amenewa amathamanga ngati Lamar? Palibe aise, palibe.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mu pocket maso ako ali kutsogolo ukufufuza receiver, woti awakhe mpira, phazi wadinda pansi kuti uponye, mkono uli m'mwamba nthiti zili poyera, ndiye munthu wa makilo 120 akuchokera mbali yomwe sukuiona n'komwe, kapena mnzako wotchinga wakankhidwa wagwera pa bondo lako lomwe lalimba. Ulibe mpata woti ufewetse thupi. Pomwe ukamathamanga ukumuona amene akubwera, ukhoza kuzemba, ukhoza kutuluka kunja kwa mzere, ukhoza kutsetsereka, iweyo ndi amene ukusankha m'mene sewero lithere. Galimoto yoopsa ndi imene yakudzera kumbuyo iwe osaimva.

Ndipo chimene chimandinyasa kwambiri nachi. Lamar yemweyo anavulala kumapeto kwa 2021 ndi kumapeto kwa 2022, anthu nkumati mwaona tinanena. Pitani mukaonerenso. 2021 ku Cleveland, kakolo, anamugwera atangoponya mpira. 2022 ndi Denver, bondo, inali sack. Zonse ziwiri anali pa ntchito yoponya! Chaka chimene anathamanga mayadi 1,206, 2019, n'kuphwanya rekodi ya ma quarterback ya Michael Vick ya 1,039, anasewera mpaka mu playoff ali bwinobwino.

Ngati mwafika pano dinani like ndi subscribe, ndi kabelu komwe, chifukwa ambiri a inu mumaonera koma simunadine, ndipo YouTube imakankha vidiyo ikaona anthu akudina. Mutumizireninso mnzanu uja amakonda kutsutsa pa gulu la WhatsApp.

Ndiye wina alemba, nanga Robert Griffin III? Ndikudziwa, ndi chitsanzo chanu chokondedwa. Zoona, mu December 2012 Haloti Ngata anamugunda bondo akuthawa ndi mpira. Koma bondo linatheratu mu playoff ndi Seattle, akusewera ndi mwendo woti sunachire, aliyense akuona kuti mwana akutsimphina, ndipo linapindika akufuna kutola mpira womwe anamuponyera molakwika pa snap, poyambira sewero, popanda womukhudza. Imeneyo ndi nkhani yobweza munthu m'bwalo msanga, ndipo imandiwawa mpaka lero.

Nambala 4, sindikunena kuti kuthamanga kulibe ngozi ayi. Ukangodutsa line of scrimmage, mzere womwe sewero layambira, malamulo oteteza woponya sakugwiranso ntchito, wasanduka running back. Dak Prescott anathyoka kakolo mu 2020 akuthamanga. Carson Wentz 2017, bondo, akudumphira mu end zone, malo ogoletsera. Tua Tagovailoa 2024 analowa ndi mutu kutsogolo mwa Damar Hamlin, concussion, kugwedezeka kwa ubongo. Ndipo Cam Newton, ma touchdown, zigoli, 14 a miyendo chaka chake choyamba 2011, timu yake ya Carolina inkamugwiritsa ntchito pakati penipeni pomwe pali zimphona, chaka ndi chaka, phewa ndi phazi zinadzamutopetsa. Kuthamangira pakati kofuna kugundana n'kosiyana ndi kuthawira kunja poyera. Ndipo lamulo lilipo, ukatsetsereka miyendo kutsogolo saloledwa kukugunda, ungotaya yadi imodzi kapena ziwiri chifukwa mpira umaikidwa pomwe wayambira kutsetsereka. Coach amene sakuphunzitsa quarterback wake zimenezi ndi amene ndingamufunse mafunso, osati amene wamulola kuthamanga.

Nambala 5, Josh Allen, quarterback wa Buffalo Bills, amalumpha anthu ndipo mtima wanga umaima nthawi iliyonse, ameneyo tidzamukamba payekha.

Ndiuzeni mu makomenti, mutakhala coach wa Jalen Hurts, quarterback wa Philadelphia Eagles, mungamupatse mpira kangati pa gemu kuti athamange? Vidiyo yotsatira ndi ya tush push ya Philadelphia Eagles, sewero lokankha quarterback kumbuyo kuti apite patsogolo, tidzaonane komweko.