Phiri wa kuti? Zomwe aphunzitsi opuma anayankhula pa bwalo la mfumu ku Nkhotakota

Zikomo a mfumu, zikomo nduna, amayi ndi abambo nonse. Achinyamata kumbuyoko, sendererani kuno, nkhaniyi ndi yanunso chifukwa mafoni a makolo anu mumagwira ndinu.

Zimene zinachitika sabata yatha mwazimva. Dzina sinditchula, mayiwo ali pompano ndipo alira kokwanira. Foni inalira, munthu wa mawu aulemu kwambiri: "Kodi ndi a Naphiri? Kuno ku Joni kwamwalira bambo Phiri, kwawo kunali ku Nkhotakota, asiya nyumba ndi ndalama ku banki. Tafufuza, m'bale wawo ndinu." Akuti mungotumiza ya mapepala. Mayi anagulitsa matumba a mpunga, n'kutumiza. M'mawa mwake akuti ya loya. Anatumizanso. Tsiku lachitatu nambala siikupezeka. Mpunga umene anapsa nawo ndi dzuwa kudambo akupirikitsa mbalame, wonse walowa m'madzi.

Musaseke, anyamata inu. Akanakuimbirani inu mukanagulitsa ndi njinga yomwe.

Tiyeni tiyese chinthu. A Phiri ndi a Naphiri nonse, kwezani manja. Kwezani bwino, si mlandu. Mwaona? A Banda? Tayang'anani nokha. Ndiye wakubayo anafufuza chiyani? Munthu akaimba foni ku Nkhotakota n'kufunsa a Phiri, ali ngati woponya khoka pamene usipa wasonkhana. Sangabwere chimanjamanja. Gwirani mawu awa: kufanana dzina si ubale.

Maina amenewa ndi mifunda, ndipo ndi akale kuposa boma, kuposa tchalitchi cha All Saints, kuposa mkuyu uja umene Livingstone anakumanirana pansi pake ndi Jumbe. Mbiri ya Amaravi imati ufumu wa Kalonga unali m'manja mwa a Phiri, likulu lake ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka. A Banda ankadziwika ndi za nthaka ndi zopempha mvula. Ufumuwo utafalikira, mfunda unayenda nawo. Undi anapita kumadzulo, n'chifukwa chake mwezi wa Ogasiti anthu amakwera mabasi kupita ku Kulamba ku Mkaika, ku Katete m'dziko la Zambia. Kumeneko mukapeza a Phiri osawerengeka, ena ochokera ku Mozambique, amene agogo anu sanawaonepo ngakhale kutulo.

Ine ndili mphunzitsi ndinkawaseweretsa ana a Sitandade 8 ndi funso ili: nditchulireni a Banda otchuka. Onse: Kamuzu! Chabwino, Kamuzu wa ku Kasungu, dotolo amene anaphunzira ku America ndi ku Scotland, analamula kuyambira 1964 mpaka 1994. Wina? Joyce Banda, 2012 mpaka 2014. Ndiye ndinkafunsa, kodi ndi mdzukulu wa Kamuzu? Ana theka ankavomera. (Kuseka.) Mayi aja anabadwa Joyce Mtila, kwawo ku Zomba. Ubanda anautenga kwa amuna awo, Richard Banda, amene anali mkulu wa majaji, ndipo iwowo ndi Atonga a ku Nkhata Bay. Aleke Banda nayenso Mtonga wa ku Nkhata Bay. Rupiah Banda, amene analamula Zambia kuyambira 2008 mpaka 2011, anabadwira ku Gwanda ku Zimbabwe. A Banda anayi asanu, aliyense ndi mchombo wake.

Tsopano imvani iyi, chifukwa ndi imene imandisangalatsa. Malume ake enieni a Kamuzu, amene anali naye limodzi ku South Africa ali mnyamata, dzina lawo linali Hanock Msokera Phiri. Phiri, osati Banda. Magazi amodzi, maina awiri. Ife Achewa ubale timauwerengera kuchikazi, kwa mayi ndi malume, pamene dzina lolemba pa chitupa masiku ano ambiri timatenga la bambo. Ndiye m'bale wako weniweni akhoza kukhala Mwale iwe uli Phiri, ndipo Phiri mnzako pa msika wa Dwangwa osakukhudza ndi kamodzi komwe.

A Phiri nawonso asiya mapazi ponseponse. D.D. Phiri, amene ankalemba m'nyuzipepala ndi mabuku a mbiri ya John Chilembwe ndi ena, anali wa ku Mzimba, anamwalira mu 2019. Kings Phiri, mphunzitsi wa mbiri ku Chancellor College, anatenga udokotala wake ku Wisconsin mu 1975, ndipo nkhani yake inali mbiri ya Achewa yochokera m'kamwa mwa akuluakulu a m'midzi ya chigawo chapakati chino. Isabel Apawo Phiri analemba za amayi a Chichewa ndi chipembedzo, mpaka anakakhala mmodzi wa akuluakulu a World Council of Churches ku Geneva. Kinnah Phiri, katswiri wa mpira uja, anatengera Flames ku Angola mu 2010. Ray Phiri, woimba gitala wa ku South Africa, anabadwira komweko, bambo ake anachokera kuno ku Malawi. Mwana wa sukulu akalemba "Phiri" pa intaneti zonsezi zimabwera mulu umodzi, iye n'kumati onsewa ndi agogo. Mwana wina anandilembera pa mayeso kuti amene anagoletsa zigoli ndi yemweyo analemba mbiri ya Achewa. Ndinamupatsa theka la malikisi chifukwa chondiseketsa.

Ndikubwereza, kufanana dzina si ubale.

(Gogo wina akweza ndodo: "Aphunzitsi, ndikutsutseni pang'ono. Ife tinakula tikumva kuti Phiri ndi Phiri basi. Ine ndinayenda pansi mpaka ku Kasungu, kugona m'makomo mwa anthu osawadziwa chifukwa cha mfunda. Chibale ndi fupa, sichiola. Lero mukuti tiutaye?")

Zikomo agogo, mwafunsa bwino, ndipo sindikuti tiutaye. Mfunda unali chiphaso cha pa ulendo. Ukafika pamudzi dzuwa litalowa, ukatchula mfunda, ankakupatsa mphasa ndi nsima. Unalinso mpanda pa nkhani ya ukwati, anthu a mfunda umodzi ankaopana. Zimenezo n'zabwino ndipo zisathe.

Koma agogo, ndikufunseni. Kumene munagonako ku Kasungu, atakupatsani madzi, anangokhala chete? Eya, mukugwedeza mutu. Anakufunsani: Phiri wa kuti? Kwa mfumu yani? Amayi anu ndi a kwa yani? Malume anu ndani? Ankafunsa modekha, nsima ili pamoto, koma ankafunsa. Mukanaphonya pa dzina la malume, nsima mukanadya ndithu, mphasa mukanagonapo, koma nkhokwe sakanakutsekulirani, ndipo munda sakanakulozerani. Makolo ankasiyanitsa kulandira mlendo ndi kugawa chuma. Ife tasakaniza. Munthu sitikumuona nkhope, sanatchule mudzi, sanatchule malume, ife tikuthamangira kwa ejenti.

Ndipo za ku Joni zomwezo, tiyeni tinene chilungamo. Amuna ambiri a kuno anapita ku Theba, ena sanabwerere, tinkawatcha matchona. Ndege ya Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za ku migodi, itagwa ku Francistown mu 1974, n'kupha Amalawi 74, boma linaimitsa kulemba anthu. Ndiye pafupifupi banja lililonse lili ndi munthu amene anasowera kumeneko, ndipo wakuba akudziwa kuti bala limenelo silinapole. Akangoti "Phiri wa ku Nkhotakota," mtima wako umamalizitsa wokha: ndi malume aja! Dzina loyamba umamuuza ndiwe. Mudzi umamuuza ndiwe. Iye amangovomera, "eya, omwewo." M'banja lathu momwe muli nkhani yotere. Mchimwene wa agogo anga anakana kudikira, anapita ndi chitupa cha mnzake, zaka zonse ku mgodi ankaitanidwa ndi dzina la mwini chitupa. Ndiye ngakhale zolembedwa m'mabuku zimafuna kufunsa kawiri. Safunsa anadya phula, agogo.

Dzina la Jumbe nalonso, poti tili ku Nkhotakota. Linayamba ngati udindo wa Chiswahili, la Salim bin Abdallah ndi amene anamulowa m'malo. Lero alipo a Jumbe ambiri, si onse ochokera m'nyumba imeneyo. Koma imeneyo ndi ya tsiku lina.

Ndikuona amayi akuyang'ana dzuwa, ndiwo sizinaphikidwe. Ndithamange.

Wina akaimba za maliro kapena chuma cha m'bale, inu musatchule dzina lililonse, atchule ndi iye: dzina loyamba, mudzi, mayi ake, malume ake. Akayamba kuzungulira, dulani foni. Musatumize ndalama, kaya akuti ya mapepala, ya loya, ya bokosi. Nambala yachinsinsi ya pa foni ndi chitupa cha unzika musapatse munthu. Pitani kwa mwinimbumba wanu, kenako kwa a mfumu, usiku womwewo ngati n'kotheka. Chuma cha masiye chili ndi lamulo lake la 2011, ndipo chimadzera kwa DC kapena kwa Administrator General, ku ofesi, masana, munthu ukumuona. Nambala imene yaimbayo ilembeni papepala mupite nayo ku polisi, musachite manyazi.

Ndipo inu a sukulu, m'malo mofunsa foni kuti agogo anu ndani, tengani kope mukakhale pakhonde ndi agogo awa ali moyo. Lembani mayi wa mayi wanu, kumene anachokera, malume ndi mudzi wake. A tchalitchi mukapemphe kuona mabuku a ubatizo, a kumzikiti mukafunse mashehe akuluakulu. Langa ndinayamba kalekale, ndafika mibadwo isanu, ndakakamira pa gogo wina amene ena akuti anachokera ku Ntchisi, ena akuti kutsidya kwa nyanja.

A Naphiri kumbuyoko, foni ikulirayo muyankhe pompano tonse timve. (Kuseka.) A mfumu, ndabweza mawu kwa inu. A komiti ya mjigo akuti ali ndi chilengezo.