Tabuleti ya amayi musaifufute, vuto ndi kiyibodi basi

Halo, ndikumveka? Iwe mng'ono wanga, ndi ine. Uthenga wako ndaumva pompano, foni inali m'chikwama tsiku lonse. Choyamba, ndisanaiwale, alamu anga uwauze mwaulemu kuti batani lija la Factory data reset asalikhudze. Asalikhudze ndithu. Ndamva ukunena kuti iwo akuti tabuleti ya amayi tingoifufuta yonse iyambirenso ngati yatsopano. Ayi, chonde. Kumeneko n'kugumula nyumba chifukwa chitseko chakana kutsekeka. M'tabuletimo muli zithunzi za malemu bambo, muli mauthenga a mawu amene amayi amamvetsera akasowa tulo, ndipo zambiri mwa zimenezo palibe wina ali nazo. Zikafufutika zapita. Tabuletiyo ilibe vuto, yangosokonekera kiyibodi, ndipo uikonza iwe wemwe.

Ine ndinadziwa chavuta nditangoona uthenga wa amayi uja. Analemba kuti "uli bzqnji". Mtima unandigunda, ndinkaganiza kuti mwina dzanja layambanso kunjenjemera, kapena ndi maso. Koma nditayang'anitsitsa ndinaona kuti pa W pabwera Z, pa A pabwera Q, zina zonse zili m'malo mwake. Munthu wodwala salakwitsa mwadongosolo choncho. Paja amayi salemba poyang'ana chilembo chimodzichimodzi, chala chawo chinazolowera malo, ndiye zilembo zikasinthana iwo amangodina pomwe anazolowera.

Ndiye tenga tabuletiyo, tsegula WhatsApp ngati ukufuna kulemba, uyang'ane mzere wa zilembo wapamwamba. Uyenera kuyamba ndi Q, W, E, R, T, Y. Ukapeza wayamba ndi A, Z, E, R, T, Y, imeneyo ndi kiyibodi ya Chifalansa, imene amagwiritsa ntchito ku France ndi ku Belgium. M nayenso umupeza wakwera, ali pambali pa L. Palinso ina ya ku Germany, imeneyo ndiye yozunguza mutu chifukwa imaoneka bwinobwino, kungoti Y ndi Z asinthana. Ukalemba zikomo imatuluka yikomo. Yathuyi, ya Q W E R T Y, ndi yomwe ija inali pa makina otaipira amene bambo ankagwiritsa ntchito ku ofesi. Ukukumbukira mmene ankalirira aja? Zilembo zinandandalikidwa choncho kalekale, pa makina a Christopher Latham Sholes amene kampani ya Remington inayamba kugulitsa mu 1874. Bambo akanakhalapo bwenzi atangoyang'ana kamodzi n'kunena kuti apa zilembo zasamuka.

Mmene zinachitikira ndikuganiza ndikudziwa, koma usamumenye mwanayo. Pa kiyibodi ya Samsung, batani lalitali lapansi lija, losiyira mpata pakati pa mawu, ukatsetserezapo chala cham'mbali limasintha chiyankhulo. Mwana akamasewera zala zimayenda paliponse. Ngakhale amayi eni ake akhoza kuchita zimenezo popukuta galasi ndi nsalu. Yang'ana pa batani lalitalilo, pamalembedwa dzina la chiyankhulo. Pakakhala Français, tsetsereza chala mpaka pabwere English. Pena pamakhala kabatani kojambulidwa dziko lapansi pambali pake, nakonso kamasintha chiyankhulo ukakadina.

Koma ukalekera pomwepo mawa zibwereranso. Chichotseretu. Lowa mu Settings, kachizindikiro konga giya kaja, utsike mpaka pa General management, kenako Samsung Keyboard settings, kenako Languages and types. Mmenemo udine Manage input languages, uzimitse Français ndi china chilichonse chimene amayi sachigwiritsa ntchito, usiye English yokha. Ukabwerera m'mbuyo udine pa English pomwepo, ikupatsa zosankha, usankhe Qwerty. Chifukwa zimathekanso chiyankhulo kukhala English koma zilembo zili m'ndandanda wa Azerty, ndiye ukhoza kutsetsereza chala tsiku lonse osasintha kanthu.

Dikira kaye, pali china chandidetsa nkhawa. Wanena kuti amayi akulephera kulowa mu Facebook, eti? Musabwerezebwereze pasiwedi! Pasiwedi yawo ili ndi A, ndipo mukailemba mumangoona timadontho, simuona kuti mukulemba Q. Mukapitiriza kuyesa akutsekerani akauntiyo kwakanthawi, ndiye tiyambe kuvutika ndi manambala otsimikizira. Konzani kiyibodi kaye, pasiwedi pambuyo. Ndipo pa loko ya tabuletiyo musamale kwambiri, chifukwa matabuleti ena amakhala atatcheredwa kuti munthu akalakwitsa kambirimbiri afufute zonse okha. Amayi asapatse aliyense kuti ayesere.

Kuno kwazizira, iwe. Ndikutuluka ku ntchito kutada kale, ndikudzuka kudakali mdima. Ndikafika m'nyumba muli zii, chimene ndimadikira ndi kauthenga ka amayi kaja ka usiku, kongondifunsa ngati ndafika bwino. Masiku amene kasiya kubwerawa ndikugona movutikira. N'chifukwa chake ukundimva ndikulankhula mothamanga chonchi, usandione ngati ndikukukalipira.

Ndinali pati? Eya, wanenanso kuti kiyibodiyo yachepa, ikuyandama pakati pa sikirini ngati ya pa foni, ikuphimba mawu. Imeneyo ndi nkhani ina, siyikukhudzana ndi Chifalansa chija. Mu Samsung Keyboard settings momwemo muli polembedwa Mode. Mmenemo muli Standard, Split ndi Floating. Floating ndiye yoyandamayo, Split ndi ija imagawika pawiri, theka kumanzere theka kumanja, pakati pali mpata. Anaipangira anthu olemba ndi zala zazikulu ziwiri atagwira tabuleti m'mbali, koma amayi amalemba ndi chala chimodzi tabuleti ili pamiyendo, ndiye iwasokoneza. Usankhe Standard. Uonetsetse, chifukwa amafunsa kawiri, tabuleti ikaima chilili ndi ikagona chopingasa. Anthu ambiri amakonza kumodzi, akatembenuza tabuleti n'kupeza yagawikanso, n'kumati yakana. Uli momwemo lowa pa Size and transparency, ukoke m'mphepete mwake ikule pang'ono, mabatani akhale aakulu. Maso a amayi ukuwadziwa.

Kuntchito kunotu anthu amabwera ndi mafoni awo kwa ine pa nthawi yopuma. Ngakhale abwana athu tsiku lina anandiitanitsa, iPad yawo kiyibodi itachepa chimodzimodzi. Ndinangoika zala ziwiri pa kiyibodiyo n'kuzitambasula, yomweyo inabwerera kukula kwake, iwo kukamwa yasa. Azakhali paja ali ndi iPad, ukawauze zimenezo zikadzawachitikira: kutsina ndi zala ziwiri kumaichepetsa, kutambasula kumaibweza. Zilembo zikasinthana kumeneko alowe Settings, General, Keyboard, Keyboards, adine pa English asankhe QWERTY. Koma n'zoona kuti azakhaliwo sakulankhulana ndi amalume? Ndamva mbali imodzi yokha. Undiimbire padera, usanene pa gulu lija, mmene muja aliyense amatumiza mauthenga kwina.

Tibwerere. Mawu kusintha okha, kuti amayi alemba Chichewa koma tabuleti ikuikapo mawu a Chingerezi, vuto si zilembo ayi. Kiyibodi ikuyesa kuwakonzera, poganiza kuti alakwitsa Chingerezi. Mu Samsung Keyboard settings uzimitse Auto replace. Predictive text ukhoza kuisiya, imeneyo imangoonetsa mawu pamwamba, siikakamiza, ndipo pakapita nthawi imaphunzira mawu amene munthu amalemba kawirikawiri.

Aa, ndakumbukira. Kodi alamu sanaikemo Gboard? Chifukwa ngati kiyibodi imene ikutuluka ndi ya Google, zonse ndanenazi ukonza koma suona kusintha kulikonse. Yang'ana mu General management, pa Keyboard list and default, pakuuza imene ikugwira ntchito. Ngati ndi Gboard, ubwezere pa Samsung Keyboard imene amayi anazolowera. Ukafuna kuisiya yomweyo palibe vuto, ndi yabwino. Pamenepo ukanikize batani lalitali lija kwa kanthawi, ikuonetsa ziyankhulo, ndipo mu Languages mwake ndi momwe usankhe QWERTY. Zokonzera mawu zili mu Settings ya Gboard momwemo, uzimitse Auto-correction. Yoyandama ya Gboard umangoigwira pansi pake n'kuikokera kumunsi kwa sikirini, imakhazikika.

Koma makiyibodi ena aja a maluwa ndi timagetsi towala, amene ana amakonda kutsitsa pa Play Store, ukawapeza uchotse. Sindikunena zoseka. Kiyibodi imaona chilichonse chimene munthu akulemba, pasiwedi, manambala a ku banki, mauthenga onse. Tabuleti yomwe imachenjeza zimenezi munthu akamayatsa kiyibodi yachilendo, kungoti anthu amangodina OK osawerenga. Amayi amalemba zinthu za ndalama mmenemo, sindikufuna nkhani.

Ndipo ikadzangosowa kiyibodiyo, wadina polemba koma siyikutuluka, usathamangire kuganiza kuti yafa. Kumbukira chikuto chija ndinatumiza, chokhala ndi mabatani ake. Chimalumikizana ndi tabuleti pa Bluetooth, ndiye chikakhala choyaka, ngakhale chili m'kabati m'chipinda china chapafupi, tabuleti imaganiza kuti munthu akulemba pamenepo n'kubisa ya pa sikirini. Zimitsa Bluetooth, ibwera. Mukafuna zonse ziwiri nthawi imodzi, mu General management muli Physical keyboard, uyatse Show on-screen keyboard. Kodi chikutocho chikadalipo n'komwe? Sindinachionepo pa vidiyo chitumizireni.

Zonsezi ukachita koma zikuvutabe, izimitse tabuletiyo uiyatsenso, nthawi zambiri zimathera pomwepo. Zikakanika, pansi penipeni pa Samsung Keyboard settings pali Reset to default settings, udine Reset keyboard settings. Imeneyo ndi reset ya kiyibodi yokha, siikhudza zithunzi kapena WhatsApp. Mvetsetsa bwino pamenepa chifukwa mayinawa ndi ofanana: ya mkati mwa Samsung Keyboard settings ndiye yololedwa, ya Factory data reset ayi. Ukakayikira, usadine. Jambula sikiriniyo ndi foni yako unditumizire, ndikuuza podina.

Uchite zimenezi amayi ali pambali pako, aone okha batani lalitali lija, kuti likadzasinthanso iwe kulibe adzathe kulibweza. Usawalande tabuleti n'kukakonzera kuchipinda, amakhumudwa akamaoneka ngati sangathe kanthu. Ndipo ukamaliza uike tabuletiyo pa Wi-Fi, ulowe mu Google Photos uyatse Backup, zithunzi za bambo zija zikwere ku akaunti yawo. Zimatenga nthawi, uisiye pa tchaja usiku wonse. Ine ndikhala maso mpaka mochedwa, ukafika pa Mode paja ukasokonezeka ungondiimbira pa vidiyo tichitire limodzi. Uwapatse moni onse. Basi yanga yafika, ndikwere kaye.