Kuwerengetsa kayendedwe ka gasi m'kapaipi kopyapyala ka firiji

[Pachithunzi: kapaipi kakopa kokulungidwa kuseri kwa firiji]

Kapaipi aka, komwe amisiri amati capillary, kamakhala ndi bowo la mamilimita 0.5 mpaka 2. Ntchito yake ndi kutsitsa presha. Tiyeni tikawerengetse.

Tatenga gasi wa firiji wotchedwa R134a. Ikutuluka mu kondensa, momwe gasi amataya kutentha, ili madzimadzi, pa presha ya ma bar 10.2 ndi madigiri 35. Pa presha imeneyi ikanawira pa madigiri 40, ndiye yatsika ndi madigiri 5. Chigawo choyamba n'chosavuta: gasiyo ali madzimadzi okhaokha, presha ikugwa chifukwa chokhulana ndi khoma la paipi. Powerengetsa kukhulanaku, gwiritsani ntchito samu ya Churchill ya 1977.

Presha ikafika pafupifupi ma bar 8.9, thovu liyenera kuyamba, poti pa presha imeneyi R134a imawira pa madigiri 35. Liyenera, koma nthawi zambiri limachedwa. Madziwo amapitirirabe pang'ono asanawire. Mukanyalanyaza kuchedwaku, kompyuta imakupatsani gasi wochepa kusiyana ndi amene akudutsadi.

[Pachithunzi: thovu likuchuluka m'paipi]

Apa ndiye pagona nkhani. Njira yofala imatenga madzi ndi nthunzi ngati chinthu chimodzi choyenda liwiro limodzi. Musadule paipi m'mautali ofanana. Tsitsani presha pang'onopang'ono, pa sitepe iliyonse mupeze utali wofunika. Enthalpy, yomwe ndi mphamvu ya kutentha ya gasiyo, mukaphatikiza ndi mphamvu ya liwiro, chiwerengerocho chisasinthe. Manambala a gasiyo tengani mu mapulogalamu a pakompyuta a CoolProp kapena REFPROP. Kulimba kwa msanganizowo poyenda (viscosity) kuli ndi masamu angapo, a McAdams, a Cicchitti, a Dukler, ndipo mayankho ake amasiyana, choncho yerekezani ndi zoyezedwa.

Onani ichi. Pofika mu evaporator, mbali yoziziritsa ya firiji, pa madigiri -10, nthunzi ndi pafupifupi 30 peresenti ya kulemera, koma yadzaza 98 peresenti ya malo. N'chifukwa chake liwiro limakwera koopsa kumapeto.

Ambiri amagwa pati? Amakakamiza samu kufika pa ma bar 2 a mu evaporator. Gasi akafika liwiro lomwe phokoso limayendera m'msanganizowo, kapaipi kamatsamwa: ngakhale mutsitse presha kutsogolo, kuchuluka kodutsa sikuwonjezeka. Mudzaziwona entropy, muyeso wa kumwazikana kwa mphamvu, ikasiya kukwera, kapena utali wa sitepe ukatuluka pansi pa ziro. Imani pomwepo. Presha yotsalayo imagwera kunja, gasi atatuluka kale m'kapaipi.