Mphwanga, tima screw ta sikopu tili ndi nambala yake

Eya mphwanga, uthenga wako ndaumva. Ukuti abwana akupatsa sikopu yatsopano, kagalasi koonera patali polunjika mfuti, kuti uike pa mfuti ya .308 ya pafamupo, ndiye ukufunsa kuti ma screw ake umange mpaka pati. Usayambe kaye, undimvetsere mpaka ndimalize.

Choyamba chotsa magazini, chotsa bolt, chitsulo chokankhira chipolopolo mumpope chija, usuzumire mumpope mpaka uone kuwala mbali inayo. Patebulo pomwe ukugwirira ntchito pasapezeke chipolopolo. Mfutiyo uikhazike poti isagwedere, kaya pa vayisi yokutira nsanza, kaya pa matumba a mchenga.

Tsono nkhani yomangayo. Ma screw a sikopu samangidwa mongomva m'dzanja ayi, ali ndi nambala yake ya mphamvu yomangira. Ina ili pa kapepala kobwera ndi maring'i, tizitsulo tozungulira togwira sikopu pa mfuti, ina ili m'kabuku ka sikopuyo. Zikasiyana, pa ma screw ogwira thupi la sikopu utsate yaing'onoyo. Makampani ambiri ndi a ku America, ndiye amalemba mu inch-pounds. Apa ndi pamene anthu amapwetekera, wamva? Inch-pound si foot-pound. Foot-pound imodzi ndi ma inch-pound 12. Munthu akawerenga 18 n'kukatenga torque wrench ya kugalaja yomangira injini, ka screw kamangoti thyo, kudukira m'kati. Chida choyenera ndi chaching'ono, chooneka ngati screwdriver, chimene chimalira nambala ikakwana. Cha Wheeler chotchedwa FAT Wrench chimayambira pa 10 kulekeza 65, n'chokwanira ntchito yonseyi. Ngati chimene muli nacho kumeneko chinalembedwa Nm, chulukitsa nambala ya inch-pounds ndi 0.113. Ndiye kuti 15 ndi 1.7 Nm, 18 ndi 2 Nm basi. Ukuona kuchepa kwake? Zala zitatu zimakwanitsa zimenezo.

Yamba ndi base, kachitsulo kogona pamwamba pa mfuti kaja. Mabowo ake amakhala ndi mafuta ochokera kufakitale, ndiye upukute ndi sipiriti, ma screw omwe, ziume. Apa pokha ndi pomwe ndimalola Loctite, guluu woletsa screw kumasuka, ya buluu, 243 kapena 242, kadontho kamodzi pa mazinga. Yofiira ija usayerekeze, tsiku lomasula mudzafunika moto. Ma screw a base nthawi zambiri amafuna pakati pa 15 ndi 30 malinga ndi kukula kwake, koma uone papepala. Ukamanga, bwezeretsa bolt uyendetse. Ikamakhula kapena kukana kutseka, ndiye kuti screw ina yatalika yatulukira m'kati. Zimachitika ukasinthanitsa zam'mbuyo ndi zakutsogolo, chifukwa sizikhala zofanana kutalika nthawi zonse. Ukaona kuti zili bwino, ichotsenso bolt ija.

Kenako maring'i. Uonetsetse kuti ndi a saizi ya sikopuyo. Pali za inchi imodzi, zomwe ndi 25.4 mm, pali za 30 mm, zina 34 mm. Ukawakhazika pa rail, ndiye base ija, usanamange, kankhira ring'i iliyonse kutsogolo, kulowera kukamwa kwa mfuti, mpaka igunde m'mphako mwake. Chifukwa chake n'chakuti mfuti ikalira imabwerera m'mbuyo, sikopu imafuna kutsalira pomwe inali, ndiye imakhala ngati ikuthawira kutsogolo. Ikapeza kuti yagunda kale chitsulo, ilibenso kolowera. Maring'i a nati yaikulu ya theka la inchi amafuna cha m'ma 65. Koma a tima screw ta Torx, tamutu wa nyenyezi, m'mbali amafuna zochepa kwambiri, usawapatse 65 imeneyo.

Goneka sikopu, vundikira zivindikiro za maring'i, ma screw ungowagwiritsa pang'ono kuti sikopu izitha kusuntha. Ika zoom pa nambala yaikulu, nyamula mfuti uike paphewa mmene umaombera, usunthe sikopu mpaka chithunzi chidzaze galasi lonse popanda mdima m'mbali. Diso limakhala masentimita 8 mpaka 10 kuchoka pagalasi. Ukayandikitsa kwambiri idzakutema pachikope. Mtanda wa m'katiwo uwongole ndi chingwe: mangirira mwala, pachika panthambi, mfuti ili chilili pa levulo, mzere woimirira ugone pachingwecho. Komanso ring'i isakhale mogundana ndi potupa paja pamene pali zopotokola, kapena pomwe sikopu yayamba kukula. Siya kampata.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna umvetsetse. Thupi la sikopu ndi paipi ya aluminiyamu yopyapyala. M'kati mwake muli kapaipi kena konyamula magalasi, ndipo ukamapotokola kuti chipolopolo chikwere kapena chipite kumanja, n'kameneko kamasuntha. Ukafinya yakunjayo, kam'katiko kamapanika. Zoom imalimba, chopotokola cha parallax, chosinthira malinga ndi mtunda, chimakana, ukapotokola ma click anayi chipolopolo chikugwerabe pomwe pomwe, kenako mawa chalumpha chokha. Anthu amayamba kunyoza sikopu kuti ndi yachabe, chonsecho aipha ndi Allen key, atagwira kotalika kuja n'kumakoka ndi phewa lonse. Ine zimandiwawa, chifukwa mapeto ake ndi nyama yolasidwa pamimba, ikuvutika m'tchire usiku wonse inu mukuilondola ndi tochi.

Ndiye uchite chonchi. Ma screw a pamwambawa akhale ouma, opanda mafuta, opanda Loctite. Zamadzimadzi zimatereretsa mazinga, ndiye chida chimalira pa 18 pamene kufinya kwenikweni kwapitirira. A Vortex, kampani yopanga masikopu, amanena 15 mpaka 18 pa ma screw amenewa, ena amalola mpaka 25, koma ukasowa pepala usadutse 18. Umange modumphitsa ngati manati a tayala la galimoto: yakutsogolo kumanzere, yakumbuyo kumanja, kenako zinazo, pang'onopang'ono. Uzungulire koyamba pa 10, kachiwiri pa nambala yeniyeniyo. Chikalira kamodzi, siya. Kubwerezabwereza kuti utsimikize n'kuwonjezera mphamvu. Uziyang'ana mpata wa pakati pa chivindikiro ndi ring'i yapansi, ukhale wofanana mbali zonse ziwiri. Mpatawo uyenera kutsala, si wofunika kuutseka ayi. Ukamamanga uzisuzumiranso mtanda uja, chifukwa mbali imodzi ikatsogola imapotoza sikopu.

Ukamaliza, lemba kamzere ka pensulo pathupi la sikopu mogundiza ring'i. Mukakaombera pepala pa mamita 100, uone ngati kamzereko kasuntha, uyesenso ma screw ndi chida chomwecho pa nambala yomweyo. Ikakhala kuti ikutererabe nambala ili yokwana, usawonjezere mphamvu. Masula, pukutanso mafuta m'kati mwa maring'i, uone ngati awiriwo akuyang'anizana bwino. Akakhala okhota, auze abwana agule ena, maring'i ndi otchipa kuposa sikopu.

Chidacho ukathana nacho uchibwezere pa nambala yotsikitsitsa kuti sipuling'i yake isatope. Usanamange komaliza unditumizire chithunzi cha kapepala ka maring'iwo, ndi china choonetsa mipata ija mbali zonse ziwiri, ndione. Upereke moni kwa alamu.