Kuno ku Seattle, gawo la lero: chithunzi cha pa khoma la agogo

Moni nonse, kumudzi, ku Joni, ku UK, kulikonse komwe mukumvera. Ndangoweruka shifiti ya usiku, mawu akamveka olema mundikhululukire, koma nkhani iyi yandikhala pamtima sabata yonse.

Mukudziwa ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Pali agogo ena aakazi omwe ndimawasamalira, makolo awo anachokera ku Japan koma iwo anabadwira konkuno. Tsiku lina ndikuwapesa tsitsi ndinawauza kuti ndinapita ku fair ya ku Puyallup ndi anzanga, tinakwera zozungulira zija, tinasangalala. Anangokhala chete kaye, kenako akuti, mwana wanga ine pamalo pamenepo ndinagonapo ndili ndi zaka zisanu, kunja kuli asilikali ndi mfuti. Chipeso chinangoima m'manja mwangamu.

Zinali chonchi. Japan itaphulitsa Pearl Harbor, doko la sitima zankhondo za America ku Hawaii, mu December 1941, pa 19 February 1942 pulezidenti Roosevelt anasaina lamulo lija amati Executive Order 9066, basi anthu pafupifupi 120,000 a mtundu wa chi Japan anachotsedwa m'nyumba zawo kugombe lakumadzulo kuno, ndipo awiri mwa atatu alionse anali nzika za America zobadwira momwemo, osapalamula chilichonse, osaimako m'khoti. Unkangotenga zomwe ungathe kunyamula m'manja. Shopu, munda, galu, zonse kusiya kapena kugulitsa motaya. A ku Seattle anayamba asungidwa ku Puyallup, malo omwe anawatcha Camp Harmony, kenako sitima mpaka ku Minidoka ku Idaho, kuchipululu kwa fumbi.

Ndiye agogo anandilozera chithunzi cha pakhoma chomwe ndakhala ndikuchipukuta fumbi miyezi yonseyi osachiyang'anitsitsa. Cha Roger Shimomura. Bambo ameneyu anabadwira ku Seattle mu 1939, naye anali ku Minidoka ali kamwana. Zojambula zake ukaziona patali umangoti makatuni, mitundu yowala, Superman, Mickey Mouse, koma ukasendera pafupi ndi pomwe umaona waya waminga. Pa intaneti ndinapeza zambiri. Pali zina anadzijambula yekha akumenya mateche timakatuni tija ta nthawi ya nkhondo, ta nkhope yachikasu, maso ofinya ndi mano otuluka kunja, momwe ankawanyozera Ajapani m'manyuzi. Pali china cha 2010, Shimomura Crossing the Delaware, anatenga chithunzi chija Amereka amachinyadira kwambiri cha George Washington, yemwe anadzakhala pulezidenti wawo woyamba, ataimirira m'bwato, n'kuchotsapo Washington kuikapo nkhope yake, opalasa bwato onse ndi masamurai, ankhondo akale a ku Japan. Ndinaseka poyamba sindinama, koma kenako ndinamva chomwe akufunsa, kuti kodi nkhope ngati yangayi ingakhale ya mwini dziko?

Chomwe chinandikhudza kwambiri ndi m'mene anayambira. Anapita kukaphunzitsa pa University of Kansas mu 1969, ndiye tsiku lina pa okushoni mlimi wina anamufunsa kuti Chingerezi chabwino chonchi anachiphunzira kuti, komanso ngati amajambula atsikana achi geisha, aja a ku Japan osangalatsa alendo ndi magule ndi nyimbo. Munthu wobadwira mu America, makolo akenso obadwira mu America! Abale anga omwe muli kunja funso ili mukulidziwa, ine landipeza m'basi, kutchalitchi, kuntchito. Koma ine ndinabwera pa ndege ndili wamkulu kale, pasipoti yanga ndi ya Malawi, zimapweteka inde koma ndili ndi kwathu. Nanga iye amuuza kuti abwerere kuti? Ndiye ndimaganiza za mwana wanga wobadwira ku Tacoma, amene Chichewa chake ndi "zikomo" ndi "nsima" basi.

Kwathu Ajapani ndinkawamva mosiyana. Agogo anga aamuna anali msilikali wa KAR (King's African Rifles, gulu lankhondo la Angerezi nthawi ya atsamunda), anakamenya nawo nkhondo ku Burma, ndiye m'nkhani zawo za madzulo Mjapani anali mdani wa m'nkhalango, basi. Sindinadziwe kuti nthawi yomweyo kunali tiana ta nkhope yomweyo titatsekeredwa ndi boma lawo lomwe. Ndinawauza agogo a kuntchitowa za agogo angawo ndili ndi kamantha, koma anangondigwira dzanja n'kundifunsa ngati anabwerako amoyo.

Boma la America linapepesa mu 1988, pulezidenti Reagan anasaina, aliyense wotsala wamoyo analandira madola 20,000. Agogo a kuntchitowa akuti bambo awo anali atamwalira kale, ndipo shopu yawo sinabwerere.

Loweruka likubwerali ndakonza zokwera ferry ndi mwana wanga kupita ku Bainbridge Island, komwe anayambira kuchotsa anthu pa 30 March 1942, kuli khoma la chikumbutso lolembedwa mayina awo. Agogo andipempha ndikajambule pa foni ndidzawaonetse, poti iwo miyendo siikulolanso. Ndikabwerako ndidzakuuzani. Tsalani bwino, ine ndikagone.