Nyumba zakale za kuno ku Mchinji: tizilowamo bwanji, tiziyang'anamo chiyani

Zikomo a wapampando. A Gulupu, mafumu nonse, azibusa, amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata mwaunjikana kumbuyoko, ndakulonjerani. Amene muli patsinde pa mango sunthirani kuno, mawu anga safika patali.

Komiti yandipempha kuti ndilankhulepo za nyumba zakale zija zinasiyidwa, zopanda zitseko, zina madenga anagwa kalekale. Nkhaniyi yabuka chifukwa cha magulu awiri. Loyamba ndi ana athu, amene akumalowamo ndi mafoni kukajambula zoika pa Facebook ndi pa TikTok. Lachiwiri ndi ife akuluakulu, amene timapitako kukada ndi wilibala kukagumula njerwa zomangira bafa. Musazolike, sindinatchule munthu. Ena munkayembekeza kuti ndiwakalipira anawa. Sinditero ayi. Pa magulu awiriwa ine ndili kumbali ya ana, chifukwa iwo akamatuluka nyumba imatsala chiimire. Changa n'chakuti azilowamo mwanzeru, ndipo azituluka atadziwako kanthu.

Ambiri mukudziwa kuti Boma lathu kale linkatchedwa Fort Manning. Koma funsani mwana wa Folomu 2 kuti Manningyo anali yani, angokanda m'mutu. William Manning anali msilikali wa Angerezi. Kumayambiriro kwa 1898 asilikali ochokera m'dziko muno anakathira nkhondo Angoni a Mpezeni kutsidyaku, kumene lero ndi ku Zambia. Nsingo, mwana wa Mpezeni amene ankatsogolera nkhondo, anagwidwa n'kuphedwa, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa. Kuno kunakhazikitsidwa linga loti asilikali aziyang'anira Angoni, n'kulipatsa dzina la Manning, yemwe pambuyo pake anadzakhala bwanamkubwa wa Nyasaland kuyambira 1911 mpaka 1913. Chipata nayo inkatchedwa Fort Jameson. Ndiye mukamadutsa pa maofesi akale, dziwani kuti tauni ino sinayambe ndi msika. Inayamba ndi mfuti, kenako msonkho, msika unachita kubwera pambuyo.

Amishoni nawo sanachedwe. Ansembe a chipani cha White Fathers anatsegula mishoni ya Kachebere mu 1903, seminale yaikulu ija n'kudzayamba mu 1939. Kumeneko si bwinja, anthu alipo. Ndakutchula chifukwa amene akufuna kuona mmene njerwa zakale zimakhalira denga likamasamalidwa akapemphe kuona kumeneko, ndiye adzayerekeze ndi zathu zogumukazi. Njerwa n'zofanana. Kusiyana kwake ndi malata basi.

Tsono nyumba imauza munthu zaka zake, bola adziwe poyang'ana. Pezani pamene pulasitala anachoka, mukande ndi chikhadabo pakati pa njerwa. Mukapeza dothi, kapena laimu woyera wofumbutuka, ndiye kuti anamanga simenti isanafale. Onaninso kaikidwe ka njerwa. Amisiri akale ankaika mzere wina m'litali, wina chopingasa, kuti khoma limangane lokha, n'chifukwa chake makoma ake ndi ochindikala ndipo m'kati mumazizira ngakhale mu Okutobala. Nyumba ya bwana mudzaidziwa ndi khonde lalikulu, denga lalitali, chumuni chowothera moto mu Juni, ndi khitchini yomangidwa payokha kuseri. Pitirirani kuseriko, musathere kumaso. Mudzapeza tizipinda ting'onoting'ono, windo lake ngati la khola la nkhunda. Mmenemo ndi mmene munkagona wophika, wochapa ndi wa m'dimba. Amenewo ndiwo agogo athu. Ana akamajambula amathamangira khonde la bwana chifukwa ndi lokongola, koma mbiri yathu ili kuseri kuja. Anaponda dothi ndani? Anaumba njerwa m'chikombole, anadula nkhuni zootchera uvuni, anasenza madzi pamutu ndani? M'mabuku a ku ofesi munalembedwa dzina la DC, la woumba njerwa mulibe.

Masitolo akale a Amwenye ali ndi kamangidwe kawokawo. Kumaso khonde la nsanamira, pamene pankakhala telala ndi makina ake a Singer. Amayi achikulire mukukumbuka, unkagula nsalu m'kati n'kutuluka nayo pakhonde pompo kukayezetsa diresi. M'kati kauntala ndi mashelefu ofika kudenga, kuseri nyumba ya banja lonse, bwalo lotchinga ndi mpanda. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu linalamula kuti Amwenye achoke m'madera akumidzi, azikachita malonda m'mizinda ikuluikulu monga Blantyre, Lilongwe ndi Zomba. Masitolo ena anagulidwa ndi Amalawi n'kuyenda bwino, ena anatsekedwa patangopita nthawi pang'ono chifukwa mwini watsopano analibe kopikula katundu pangongole. Ambiri mwa amene mukuwaona ali pululu m'misika yathu anayamba kufa nthawi imeneyo.

Pali nyumba zinanso zimene anthu sazitenga ngati mbiri, koma ine ndimazilemekeza kuposa za bwana. Ndikunena tinyumba ta njerwa ndi malata timene anamanga azibambo obwera ku Joni ndi ku Halale. Ndalama ya ku migodi ndiyo inabweretsa malata m'midzi yambiri kuno. Ulendo wa Wenela, bungwe lija lolemba anthu ntchito za ku migodi ya ku Joni, unaimitsidwa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo. Gwirani lata la panyumba yotero, mumve kulemera kwake. Pa malata, nambala ya geji ikakhala yaing'ono ndiye kuti lata ndi lochindikala. A masiku ano a geji 30 kapena 32 mumapinda ndi dzanja, akalewo ayi. Mafelemu ake kawirikawiri ndi a mlombwa, umene chiswe chimaulephera. Ndipo nthawi zina zaka za nyumba mumazidziwa ndi zoyandikana nazo. Njanji inafika kuno cha m'ma 1980, choncho nyumba za anthu a njanji sizingakhale za atsamunda, ngakhale zioneke zokalamba bwanji.

Tsopano achinyamata, tcherani khutu, apa ndi pamene ndingakukalipireni.

Palibe nyumba yopanda mwini. Ingakhale ya boma, ya khonsolo, ya mpingo, kapena ya banja limene ana ake ali ku Lilongwe, mwini alipo. Safunsa anadya phula. Yambirani kwa mfumu, mfumu idzakuuzani kuti malo awa ndi a uje, kapemphe kwa uje. Idzakuuzaninso kumene simuyenera kuponda n'komwe, chifukwa mabwinja ena anagundizana ndi manda kapena dambwe, ndipo za kumeneko si za foni.

Mukaloledwa musapite nokha, ndipo kunyumba adziwe kumene mwalowera. Pitani masana, m'chilimwe. Khoma lomangidwa ndi dothi likakhala lopanda denga limamwa mvula, ndipo mu Febuluwale lingagwe ndi kungolitsamira. Musanalowe zungulirani kunja kaye. Mng'alu woyenda ngati masitepe kutsata njerwa, khoma lophulika mimba, kachere womera pamwamba mizu yake italowa m'kati, zonsezo zikutanthauza kuti jambulirani panja. Mukaima pakhomo yang'anani kumwamba musanayang'ane pansi. Chiswe chimadya mtengo m'kati n'kusiya khungu lokha, phaso limaoneka lamphumphu pamene ndi chigoba. Gogodani ndi ndodo mumve kulira kwake. Kukwera padenga kapena m'siling'i ndiye ayi, ngakhale mnzanu akulonjezeni chithunzi chabwino chotani.

Kuseri kwa nyumba n'koopsa kuposa m'kati, ndipo ambiri sadziwa. Kunali zimbudzi zokumba, zitsime, maenje a nyansi, ndipo zonsezi zinakwiririka ndi udzu ndi matabwa owola. Yendani ndi ndodo patsogolo, kumapazi nsapato zolimba, osati masilipasi. Msomali wadzimbiri umabweretsa kafumbata, ndipo mphiri sithawa munthu, imangokhala phee mpaka uiponde. Njuchi ndi mavu zimakonda m'chumuni.

Ena mumati m'nyumbazi muli mizukwa chifukwa mumamva phokoso usiku. Za mizukwa sindilimbana nanu, azibusa ali pano. Koma zimene ine ndimazidziwa kuti zilimo ndi akadzidzi ndi mileme, ndipo mileme ndiyo muziiopa. Zitosi zake zikaunjikana n'kuuma, fumbi lake limatha kuyambitsa matenda a m'mapapo ofanana ndi TB, makamaka kwa munthu amene chitetezo cha m'thupi n'chotsika. Chipinda chikakhala ndi fungo lija lolasa m'mphuno, musasese, musatakase, valani masiki kapena tulukani. Chimodzimodzi malata aja otuwa okhala ngati simenti, a asibesitosi. Akakhala amphumphu savuta kwenikweni, koma mukawaswa kapena kuwacheka fumbi lake limakhazikika m'mapapo, matenda n'kudzaoneka patapita zaka zambiri. Ndaonapo zidutswa zake zitafolera makola a nkhuku m'mudzi muno. Ndipo amene mumapita ku maesiteti akale a fodya, zigubu ndi migolo ya m'nyumba zosungira mankhwala musatsegule, ndipo amayi, chonde, musatungire madzi.

Nanga mukapeza kanthu? Mwina kobiri labowo la nthawi ya Chitaganya, botolo, loko, chiphaso cha msonkho. Jambulani pamene chili, musanachisunthe. Chinthu chikachoka pamalo pake chimasanduka chitsulo wamba, palibenso angadziwe kuti chinali m'sitolo kapena m'khitchini. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinthu zakale lotchedwa Monuments and Relics Act, ndipo kuli nthambi ya boma yoona za malo ndi zinthu zamakedzana. Mukapeza chachilendo, makamaka mafupa, zida kapena zojambula pamiyala, uzani mfumu, mfumu idziwitse ku ofesi ya DC. Aja amakumba pansi pa nyumbazi ati azungu anakwiriramo ndalama, dzifunseni: munthu amene ankawerengera ngakhale kobiri limodzi la msonkho, n'kuchoka kusiya mphika wa ndalama? Akungofoola maziko.

Chithunzi chokha sichikwanira. Mukajambula lembani m'kope tsiku, malo, kukula kwa nyumba poyeza ndi mapazi, zipinda zingati, khomo layang'ana kuti. Mukatero tengani foniyo mupite nayo kwa agogo. Musawafunse kuti nyumbayi inamangidwa chaka chanji, adzakuuzani kuti kalekale. Afunseni kuti pa njala ya 1949 inalipo kale? Pamene Kamuzu ankabwera mu 1958, munkagulitsa ndani m'sitolo iyi? Ndalama ya kwacha itayamba mu 1971, mapaundi munakasinthira kuti? Mukafunsa chotero chaka chimatuluka chokha, pamodzi ndi dzina la telala, mtengo wa mchere, ndi nkhani zina zimene sindinganene pamaso pa apongozi. Funsani agogo awiri kapena atatu payekhapayekha, ndipo akatsutsana lembani zonse, musasankhe yokomayo. Ajambuleni mawu akalola.

Kwa ife a wilibala, ndikudziwa kuti njerwa zadula ndipo nkhuni zootchera zikusowa. Sindikunenanso kuti nyumba yogumuka iliyonse isungidwe. Zina n'zoopsa, zili panjira ya ana a sukulu, ndipo mwini wake akavomera zigwetsedwe ndithu. Pempho langa n'lakuti isanagwe ijambulidwe mbali zonse zinayi ndipo ilembedwe. Zimene zikadali zolimba, nthawi zambiri chofunika ndi kukhoma malata angapo, kuzula kachere ndi kukumba ngalande yoti madzi asaime m'mphepete mwa khoma. Musathamangire kuzimata simenti, chifukwa simenti imatsekera chinyezi m'kati, njerwa yakale n'kumafumbwa mwakachetechete. Nyumba yotero itha kukhala sukulu ya mkombaphala kapena mosungira mabuku.

A Gulupu avomera kuti achinyamata ofuna ntchitoyi akumane Loweruka m'mawa pabwalo pano, ndipo aphunzitsi a pulayimale abweretsa makope. Agogo amene munagwirapo ntchito m'masitolo, m'nyumba za azungu kapena munapita ku Wenela, musathamangire kunyumba tikatseka, alembi akufuna maina anu. Amayi mwakweza dzanja kumbali uko, funsani.